Kawaya ka m'Galasi

Lachitatu ku Rochdale, mvula yopanda bingu,
ija imangonyowetsa munthu osapepesa.
Ndalemba m'buku: mankhwala amwa, phala asiya theka.
Basi ya ku Heywood idutsa pakangotha mphindi makumi awiri.

A Ashworth akuloza pakona ndi chibwano,
poti manja awo adayamba kale kuvina okha
nyimbo imene enafe sitiimva.
Ampulifaya yawo ili duu chiyambire Lamulungu.
Adaigula chaka chimene mayi anga adabadwa,
ndipo akuti sinadwalepo ngakhale chimfine.

Akuti: Maso akhale anga, manja akhale ako.
Zimitsa pakhoma. Ayi, sizikukwana, zula pulagiyo,
uiike pamiyendo panga pano, tiziiona tonse.

Ndazula. Mano ake atatu aloza kudenga.
Kuno ngakhale pulagi ili ndi fiyuzi m'mimba,
yofiira, ya maampu atatu.
Ndaigusa ndi timiyendo ta mita, mita yalira tswii.
Iyi ili moyo.

Tsono tidikire, akutero.
M'katimo muli zitini ziwiri zosunga moto,
sizikhululuka msanga ngakhale magetsi atachoka.
Ndikuti mumtima: ngati mlamu wanga.
Tadikira. Wotchi ya pakhoma ikudya basi yanga pang'onopang'ono.

Kumbuyo kuli kachivindikiro kakuda. Ndapotokola.
Chatuluka n'kagalasi kosafika theka la machesi,
kakuda ndi mwaye m'kati,
kawaya kake kataduka pakati
ngati tsitsi lopsa.

Ndakumbuka malume Ziyenda pabenchi lawo ku Ndirande,
sikuludiraiva kukhutu,
akung'amba pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu,
kukulunga, kubwezera, wailesi n'kuyimba,
mwini wake n'kulipira akumwetulira.
Zidayenda zaka zisanu ndi ziwiri
mpaka usiku uja benchi, denga ndi mawailesi a eni
zidasanduka fungo limodzi.

Ndawauza. Aseka mpaka kutsokomola.
Akuti bambo awo ankaikamo msomali.

Werenga pachipewa chake, akutero.
Ndayandikira zenera, kuwala kwa kuno n'kobwereka.
T, kenako 2, kenako A.
T ameneyo ndiye kuti yodekha,
siifa ndi kugunda koyamba kwa magetsi.
Koma usandiikire yaikulu, mwanawe.
Yaikulu imapirira, imapirira,
mpaka chopsa chikhale nyumba.

M'chitini cha mabisiketi, pansi pa mabatani a malemu akazi awo,
muli zinayi zatsopano m'kapepala.
Ndasankha yofanana chilembo ndi chilembo.
Yalowa. Ndamanga, osati mwaukali.

Sanandilole kuthamangira kukhoma.
Pansi pa mpando atulutsitsa thabwa
lokhala ndi soketi ndi babu lakale la mawati sikisite,
adalipanga okha manja akadamvera.
Magetsi ayambe adutsa umu, akutero.
Babu likawala n'kukana kuzilala, zula,
matenda ali m'kati, si a iwe ndi ine.
Volyumu ibwerere paziro. Dzanja limodzi kumbuyo.

Ndayatsa.
Babu lati ng'ani, mtima wanga wakwera kukhosi,
kenako latsika, latsika,
latsala khala lofiira m'phulusa.
M'kati mwa bokosi china chake chati kha.

Sanalankhule. Angokweza chala chonjenjemera.
Ndapotokola pang'ono,
ndipo m'masipika mwatuluka lipenga,
lofatsa, ngati munthu wolowa mochedwa m'tchalitchi.
Manja aja, kwa kamphindi,
ndidaona ngati apeza nyimbo yawo.

Basi yapita. Ina ibwera itatha sikisi.
Pasiteji foni ikunjenjemera m'thumba:
ofesi ikufunsa ngati ndingagwirenso usiku,
wachisanu ndi chimodzi wotsatizana,
pansi pake uthenga wa fizi ya Tiyanjane.
Ndikupisa dzanja kuti ndiyankhe,
chala chakumana ndi kagalasi kaja,
ndidaiwala kukataya.

Ndakakweza pansi pa getsi la mumsewu,
ndikukatembenuza,
kufuna pamene adalemba malire ake.