Chijasi cha Mkuwa

Lolemba lililonse, msika usanadzuke,
ndimatsamiritsa makwerero paphewa pake
n'kukwera ndi ndowa, sopo ndi burashi yothothoka.
Zaka makumi awiri ndi zitatu tsopano.
Kukhonsolo ya tauni yathu, kuno ku Panay, anandilemba kuti
Tiburcio Magbanua, wosesa pabwalo,
koma ine ndine womusambitsa,
munthu yekhayo wodziwa
kuti kuseri kwa khutu lake lamanzere kuli mng'alu
momwe mavu amamangamo chaka ndi chaka.

Anamuveka chijasi cha kumaiko ozizira.
Kuno! Kumene phula limasungunuka mu Epulo
ndipo njati zolimira zimakana kutuluka m'thope.
Masana ndimamumvera chisoni.

Pamapazi pake mkangano sutha.
Dionisio woyendetsa jipu, podikira okwera,
amalavula n'kuti: uyu ankalemba
anzake akunola zikwanje.
Aja anafa ndi matope m'zikhadabo ali kuti?
Anawaumba ndani?
Aphunzitsi a Luzviminda amayankha osakweza mawu
kuti chikwanje sichidziwa kolowera
wina asanaloze pamene pali chilonda.
Mwana wawo, wabwera kuyunivesite ndi ndevu zitatu,
akuti atsamunda achiwiri ndiwo anatisankhira ngwazi,
ankafuna yofatsa, yosagwira mfuti,
yoti ikhale pakhobidi osaluma chala.

Ndiye pali za pepala lija.
Bambo mfumu Eleuterio amalumbira kuti usiku womaliza
anasaina, anabwerera m'khola, analandira mkate.
Wogulitsa mankhwala wapakona amati dzanja lija ndi la wina.
Awiriwa amwera khofi limodzi kuyambira ndili mnyamata
ndipo palibe wagonja.
Tsiku lina anandikodola: Tibo, iwe umamuona pafupi,
nkhope imeneyo ndi ya munthu wolapa?
Ndinati ndi ya munthu amene nkhunda zamuchita chipongwe.
Anaseka mpaka kutsamwa.

Zimene ndikudziwa ine n'zochepa.
Anafa ali wamng'ono kuposa mwana wanga Nicanor,
amene ali ku Qatar kumanga nyumba za eni.
Anali ndi mayi.
Ndipo ndimaganiza kuti wina anamuchapira malaya
amene anavala m'mawa umenewo,
anawasita bwinobwino, mpaka kolala,
akudziwa.

Kumapiri kuli ena omuyatsira makandulo,
amati sanafe, adzatsika.
Mmodzi wa iwo, mayi wovala zoyera, wopanda nsapato,
anandipempha madzi otsala m'ndowa
nditatha kutsuka mapazi.
Ndikanati chiyani? Anali madzi a sopo ndi zitosi,
koma anapita nawo ngati wanyamula dzira.

Kumapeto kwa Disembala a meya amabwera
ndi nkhata ya maluwa, malipenga,
ndi mawu omwe aja a chaka chatha.
Pofika madzulo maluwawo ali pamanda ena
kuseri kwa chigayo cha mpunga,
pano patsala riboni yokha.
Wowatenga ndimamudziwa, sindimutchula.
Mwamuna wake anamira ndi bwato, alibe chipilala.

Ana asukulu amaima m'munsi, makosi m'mwamba:
Mang Tibo, m'bukumo alembamo chiyani?
Poti wagwira buku lotsegula, lamkuwa nalonso,
ndipo aliyense m'tauni muno ali ndi chiganizo chake
chimene amakhulupirira kuti chili mmenemo.
Mulibe chilembo n'chimodzi chomwe.
Wosula sanadzivutitse,
ankadziwa kuti kuno kudzafika ine ndi mbalame basi.
Mvula ikagwa madzi amadikha pakati pa masamba awiriwo,
timba amamwa, amasamba, amapita.

Anawo sindiwauza.
Ndimati maso anga anatha.

Mawondo ayamba kundikana pa sitepe yachisanu ndi chiwiri.
Akhonsolo akuti chaka chamawa agula paipi yopopera,
munthu azingoima pansi.
Lero ndachedwa dala kumtunda kuno.
Ndapukuta chikope, ndasiya mavu ali,
ndamasula m'maganizo batani limodzi la chijasi chija
kuti mphepo ya kunyanja imupeze.