Mapu Kuseri kwa Bilu ya Madzi

Mvula ya mawawa yatitsekera m'nyumba ku Chiputula,
malata akulira pansipansi.
Bambo atembenuza bilu ya madzi, apempha cholembera.
Dzanja lawo likukumbukira njira
imene maso awo ayamba kuiwala.

Apa ndi Mzuzu, akutero, akudontheza kadontho.
Pa Ekwendeni tidutse kusanache,
nzimbe tidzagula pobwerera.
Pa Bwengu usagone, Jenala,
tikapitirira pang'ono tikhotera kumanzere,
tilowe pakati pa miyala ya Njakwa
pomwe Rukuru amadzifinya ngati njoka pa mpanda.
Ku Rumphi galimoto imwe mpaka kukhosi,
kutsogoloko kulibe wogulitsa mafuta
kupatula anyamata a zigubu, ndipo mtengo wawo umaluma.

Zaka makumi awiri ndi zinayi analondera nyama za boma,
mfuti paphewa, nsapato zonyowa ndi mame.
Ine, mwana wawo, mbidzi ndinaiona pa kalendala
ya m'sitolo ya mmwenye.

Tisanafike Bolero msewu umagawikana, akutero.
Kumanzere ndi Vwaza.
Kumeneko upite dzuwa litapsa, Okutobala,
madambo atang'ambika ngati chidendene,
nyanja ya Kazuni itatsala m'mbale.
Njovu zimabwera zokha, suchita kuzisaka,
mvuu zimapanikizana ngati anthu mu minibasi ya ku Karonga.
Koma malaya abuluu awo usiye kuno,
kashembe amawakonda kuposa iwe.

Nanga ku Nyika? ndikufunsa.

Akhala chete. Cholembera chaima m'malere.

Ku Nyika kulibe nyengo yoipa, akutero,
kuli galimoto zoipa basi.
Pa chipata cha Thazima ufike dzuwa lili pamutu,
chifukwa Chelinda ndi kutali kuposa mmene amanenera.
Juni ndi Julaye chisanu chimawaza ufa pa udzu,
madzi a m'ndowa amachita khungu.
Lupsa likadutsa, msipu ukaphuka,
ntchefu ndi chilembwe zimatsika mapiri ngati ng'ombe za munthu.
Febuluwale ndi wa maluwa,
ang'onoang'ono, obisala, oti uchite kugwadira,
koma matope ake anatigoneka masiku atatu pa mtsetse umodzi,
ine ndi malemu Zgambo, tikudya mtedza wosakazinga.

Ine ndikuwerengera mumtima.
Banki mkhonde timagawana Disembala.
A Chavula a ku Luwinga akufuna theka la ndalama
asanalize n'komwe pikapu yawo.
Za pachipata, za malo ogona, mabulangete obwereka.
Mayunifolomu a sukulu amene ndasoka mwezi uno
eni ake sanabwere kudzatenga.

Ndipo adokotala a pa Chipatala Chachikulu
anandiitanira pambali Lachiwiri lija,
nati ng'ala ya kumanja tikhoza kuchotsa,
koma diso la kumanzere likuzima ndi matenda ena,
ndipo linzakelo likutsatira.
Miyezi ingati? Anangotambasula manja.

Lero ndi Epulo.

Tidikire Okutobala, Bambo akutero, ukaone njovu zambiri.
Ndikuti ayi, Ogasiti.
Akuti Ogasiti ndi mphepo ndi fumbi.
Ndikuti Ogasiti.
Akuseka: liuma ili ndi la amayi ako.
Sakundifunsa chifukwa.
Mwina anamva zonse kuseri kwa chitseko chija,
makutu a mlonda wa nyama sapuma pantchito.

Awerama kuti ajambule mbidzi pamwamba pa Chelinda.
Pepala lathera pa miyendo yakutsogolo,
koma iwo sakuona,
mizere ikupitirira pa thebulo,
umodzi, wina, wina,
pa thabwa limene ndinapala ndi mchenga dzulo.

Sindikuwauza.
Ndikugwira pepala kuti lisasunthe,
diso langa lili pa makina osokera pakona paja,
ndikuyesa kukumbuka
amene anandifunsa mtengo wake chaka chatha.