Kugogoda kwa Chiwongolero

Galimoto yamagetsi sidziwa kubisa matenda,
ilibe injini yoti ikuwe pamwamba pake.
Ndikakhotera kumanzere ku Mchesi: gu! gu!
ngati wangongole pachitseko.

Ku Biwi, Lufeyo sanafunse zambiri.
Anaikweza pa jeke, nagwedeza tayala
ngati dzino lofuna kuzulidwa,
kenako sikuludiraiva kukhutu, nsonga pachitsulo:
"Pindani. Bwezani. Pindaninso."
Ine mtima uli phaphapha, kuopa mota ya chiwongolero,
fizi ya mwana yonse kuthera pomwepo.

Anatuluka kunsi akuseka, fumbi m'tsitsi:
kalabala kang'ambika, girizi wathawa,
mchenga wa m'maenje a Kawale wadya mfundo.
Mfundo yatsopano, sipanala, basi.

Pobwerera kuli zii.
Ndikumva ngakhale mimba yanga
ikudandaula kuti sindinadye.