Nyali Yosaitana Munthu

Achimwene anga a Ledisoni anawoloka Muloza mu Epulo
atanyamula magalasi akuda owotcherera zitsulo
ndi jekete lomwe ngongole yake sinathe.
Ankati kugombe, kupitirira Kelimani,
kukumangidwa nsanja ya nyali yolondolera sitima za pamadzi
ndipo akufuna munthu wosamva chizungulire.
Iwo anakulira m'mitengo ya mapeyala a eni,
chizungulire akanachidziwira kuti?

Loweruka lililonse amatumiza mawu pa foni.
Theka la mawuwo ndi mphepo.
Ndimamvetsera ndili pa sikelo ya tiyi,
foni pakhutu, cholembera m'kamwa,
amayi a madengu akudikira kuti ndiwalembere makilo.

Akuti masitepe alipo zana limodzi ndi makumi anayi,
anawawotcherera okha, ena kawiri.
Akuti mchere umadya chitsulo ngati chiswe,
lero wapenta, mawa dzimbiri lakupatsa moni.
Akuti nyali iliyonse ili ndi kaphethiridwe kake:
yawoyi idzaphethira katatu n'kupuma,
ya kumpoto imaphethira kamodzi, motalika,
kuti woyendetsa sitima pakati pa usiku
awerenge, adziwe dzina la gombe lomwe sakuliona.

Ndinafunsa: ndiye sitimazo zizikocheza pamenepo?
Anaseka mpaka mawu anaduka.
Kenaka anatumizanso:
Mlongo, nyaliyi siitana munthu.
Pansi pake pali miyala ndi mchenga womeza.
Imangoti, ndili pano, ndione, undilambalale.

Mawuwo anandikhala pakhosi tsiku lonse.
Ndinalakwitsa makilo a mayi Nampinga,
anandikalipira m'Chilomwe, mzere wonse unaseka.

Paja nafenso tili nayo nsanja yathu.
Sapitwa alibe babu, alibe batire,
dzina lokhalo ndiye chenjezo,
komabe alendo amabwera ndi zikwama zawo zazikulu
kudzafunsa njira yopitirako.

Mu Juni chiperoni chatsika.
Akuti chimachokera kwanuko, achimwene,
ndi mpweya wa nyanja yomwe ine sindinaione.
Minda ya tiyi yamira, phiri lasanduka chilumba,
akabaza akuyenda ndi belu lokha.
Pa nsanja ya netiweki kuseri kwa msika wa Limbuli
kababu kofiira kakuphethira m'nkhungu.
Amati n'kochenjeza ndege.
Ndege yake iti, kuno?
Koma Fanuwelo woledzera uja amafikira nako kunyumba.

Amayi agula nyali ya sola, ya buluu,
ataphwanya ndalama ya nanazi.
Masana imawothera dzuwa pa denga la khola,
dzuwa lakenso losowa,
usiku amaiika pa zenera loyang'ana ku Milanje.
Sananene kuti ndi ya ndani.
Inenso sindinawauze zomwe munandiuza zija.

Pansi pa zenerali palinso miyala, mukudziwa:
ija napolo anatisiyira m'munda,
ikuluikulu ngati ng'ombe zogona.
Kamunda kotsalako atsibweni akagawa patatu.
Mwini jekete amabwera Lachisanu lililonse,
amakhala pa mpando wanu, salankhula zambiri.
Akazi anu anapita kwawo ku Chonde,
anati akukangoona odwala.

Nditumize mawu otani?
Ndikayatsa foni kuti ndijambule
chala chimakhala pa batani, pakamwa palibe kanthu,
mumangolandira phokoso la mvula pa malata
monga ine ndimalandira mphepo yanu.

Batire ya nyali ya amayi ndi yofooka.
Ikamakwana naini koloko imayamba kuphethira yokha.
Usiku wathawu ndinatuluka panja, ndinaima pa mwala,
ndinawerenga ngati woyendetsa sitima:
kawiri, n'kupuma,
kasanu mofulumira,
kenaka mdima wautali moti ndinati yafa,
kenaka kamodzi.

Palibe buku la amalinyero lomwe lili ndi gombe limeneli.
Inu nokha mungalitchule dzina.
Zoti mukocheze kapena mulambalale,
nyaliyo sinandiuze,
amayi anali atagona kale.