Zitsulo Zisanu ndi Zitatu

Pulani inkati zitsulo zisanu ndi zitatu
m'nsanamira iliyonse.
Ine Nevzat, mmisiri wa ku Antakya, ndinaika zisanu.
Zitatuzo zinasanduka galimoto ya bwana Durmuş
ndi tiyi wa woyendera nyumba uja,
yemwe anasainira pabondo
osaponda n'komwe pamalopo.

Zaka khumi ndi zinayi nyumba ili chilili,
nsanjika zisanu ndi imodzi, utoto wachikasu,
amayi akuyanika tsabola m'makonde.
Ndikamadutsa ndinkailoza ndi chibwano: manja angawa!
Wagolosale wa pansi atagumula nsanamira imodzi
kuti firiji yake ikwane,
ndinaona. Ndinagula fodya wanga n'kumapita.

Mwana wanga ankabwera nazo kuchokera kusukulu,
kuti pansi pa mapazi athu matanthwe akukankhana
ngati ng'ombe pakhomo la khola,
tsiku lina imodzi idzapulumuka.
Ndinkati idya, chakudya chikuzizira.

Inapulumukadi, mbandakucha, mvula ikuwaza.
Nthaka inadzikutumula ngati galu wonyowa.
Nyumba ija inagwada,
nsanjika zinasanjikizana ngati mbale m'beseni.
Tsidya la msewu, chipatala chomwe anayang'anira Hüsniye,
injiniya tinkamunena kuti ngwaliuma,
wowerenga chitsulo chimodzichimodzi ngati ndalama zangongole,
chinangosweka magalasi.

Masiku anayi ndinakumba ndi zikhadabo.
Simenti inkanyenyeka m'manja ngati buledi wadzana.
Ndinkaidziwa. Ndinaikanda ndine.
"Alipo akundimva?" tinkafuula,
kenako makina onse zii,
khwalala lonse litagwira mpweya.
Wina anagogoda paipi katatu.
Tsiku lachitatu sanagogodenso.

Ndinatola nsapato ya kamwana ka Feride wa chipinda chachisanu ndi chinayi,
zingwe zake zili chimangire.

Kumanda anthu ankati zinalembedwa.
Zinalembedwadi, papulani, ndi inki yabuluu:
zisanu ndi zitatu.

Durmuş akuti anamugwira pabwalo la ndege.
Ine palibe wabwera kudzandifunsa.
Ndimagona m'kontena pafupi ndi mtsinje wa Asi,
masana ndimaphunzitsa anyamata kupinda zitsulo
ndi kumanga waya mothinana.
Nsanamira isanathiridwe konkire
ndimawauza awerenge mokweza, aliyense ndi pakamwa pake.
Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi...
Akafika pa zisanu ndimayang'ana pansi
mpaka atadutsapo.