Waya Wofiira

Wabwera nayo m'mawa ikununkhabe pulasitiki,
waimika pansi pa mkesha pomwe ndimagwirira ntchito pa Kamuzu Road,
makiyi akuzungulira pa chala.
Twaibu ameneyo.

"Amisiri, m'galimotomu andiikiramo apongozi.
Ndikangopyola eyite, basi ayambapo:
tii, tii, tii,
kuchokera pa Kaphatenga mpaka pa Benga osapuma.
Akuti kwawoko ndi lamulo,
galimoto yatsopano isatuluke m'fakitale ilibe kamlomo aka.
Nanga kuno ndi kwawo?
Bwana akufuna maulendo anayi pa tsiku.
Dulani waya, pali ya fanta."

Ndagwada. Ndatsegula kunsi kwa chiwongolero.
Mawaya ali piringupiringu ngati matumbo a nkhuku,
koma wanga ndamuona msanga,
wofiira, woonda,
kamwana akhoza kumudula ndi mano.

Pulayala ili m'manja.

Twaibu sakudziwa kuti dzanja lomweli
linatola mbatata zowotcha pa tala pa Khombedza,
chaka chija chimanga chinapsa m'munda,
imodziimodzi, n'kumabwezera m'beseni lophwanyika,
ngati pali wina amene adzazigulitsenso.
Asiyatu, mwana wa mlongo wanga,
folomu thu,
ankathamangira minibasi yoima
osaona inayo imene sinaganize n'komwe zoima.
Silipasi imodzi tinaipeza m'mawa mwake
kutsidya kwa ngalande.

Dalaivala wake analira pa maliro, ndinamuona.
Sanali chilombo. Anali mnyamata wa ndolo ya siliva,
ankangobwereza kuti, "Sindinadziwe kuti ndafika pamenepo,
phazi limalemera lokha."
M'minibasi munali anthu khumi ndi asanu ndi atatu,
aliyense ndi pakamwa pake.
Onse anaona singano ikukwera.
Onse anangoti chete, poopa kutchedwa amantha,
poopa kondakitala ndi lilime lake.

Ndiye lero kabwera kanthu kopanda manyazi,
kosaopa kutsitsidwa panjira,
kosalandira ya fanta,
koyankhula pamene tonse timameza malovu,
ndipo akuti ndikatseke pakamwa ndine.

Ndabweza chivindikiro. Ndamanga masikuluwu onse anayi.

"Achimwene, izi za masiku ano n'zovuta.
Wayayu walumikizana ndi mabuleki.
Ndikadula, mudzaimira ku Dwangwa m'munda wa nzimbe."

Bodza.
Zaka makumi awiri ndikugwira sipanala
sindinanamizepo munthu pa za injini,
za mtengo wa sipeya pokha.

Wandiyang'ana, wayang'ana pulayala,
watsonya, waliza injini.
Ndikudziwa, pa Kaphatenga pali mnyamata wina
amene adzadula osafunsa,
ndipo ya fanta idzakhala yake.

Koma kuchoka pano kukafika kumeneko
pali sukulu, pali chigayo,
pali amayi a tomato m'mphepete mwa tala.
Ndaima ndi nsanza ya oyilo m'manja,
khutu lili kumsewu,
ngati kulira kochepa chotero
kungamveke mpaka kuno.