Levulo

Anabwera nayo kuchokera ku Nchalo dzuwa lili paliwombo,
nyumba yamatayala, khosi lake litatsamira
pamsana pa pikiapu ngati ng'ombe m'goli.
A Chapepa, dokotala wa ziweto,
anatsika akudzisisita m'chiuno.

"Zuze, miyezi itatu ndikugona mutu kunsi.
Dzira ndikaswera m'chiwaya limathawira mbali imodzi.
Firiji ya katemera imadzitsekukira yokha usiku."

Anandionetsa zida zawo:
njerwa zisanu zowotcha, thabwa long'aluka,
jeke yodontha mafuta,
ndi botolo la Sobo, madzi theka,
limene ankaligoneka pansi n'kumalipenyetsetsa
ngati woombeza ula.

Katoni yochokera ku Joni tinaitsekula pamthunzi wa nimu.
Miyendo inayi yachitsulo,
mapaipi akuda odzipinda ngati njoka yokhuta,
pampu, mawaya, kabokosi koganiza,
ndi pepala lojambulapo nyumbayo
itaima pasimenti yosalala ngati mbale.
Ndinaseka.
Wojambulayo sanapondepo makande a ku Ngabu kuno,
amene mu Okutobala amayasamula mpaka kumeza sipanala,
mu Januwale n'kugwira lole m'chiuno.

Masiku anayi chagada kunsi kwake.
Tchesi imaotcha zala isanakwane naini koloko.
Semu, mwana wa mlongo wanga, amandipatsira mabawuti,
khumi ndi asanu ndi limodzi mwendo uliwonse,
limodzi linagwera m'mng'alu, lili komweko.
Magetsi anathima Lachiwiri lonse,
tinakhala pansi n'kumatafuna masawu ouma.
Atayaka ndinatenga madisiki anayi a pulawo yakale ya kuesiteti,
ndinawawotcherera kumapazi
kuti chitsulo chaku Joni chivale nsapato zakwathu.
Papepala zimenezo panalibe.

Lachisanu ana a sukulu anaunjikana pampanda.
A Chapepa anadina batani.
Pampu inalira ngati mavu m'chitini,
nyumba inakweza matako kumwamba, mphuno pansi,
ketulo m'katimo n'kugubuduka, khotcho khotcho,
ana kuseka mpaka kugwirana.
Ndinali nditasinthanitsa waya wofiira ndi wabuluu.

Nditakonza, kabokosi kanakanabe.
Kagetsi kake kamangophethira.
Semu ndiye anawerenga timalemba ta pansi penipeni:
makinawa sadziwa kuti kuongoka n'chiyani,
muyenera kuyamba mwawaonetsa.

Tinatulutsanso botolo la Sobo.
Ndinaligoneka pakati pa chipinda,
ine chogwada, tsaya pansi,
ndikufuula, "Kumanzere pang'ono! Basi! Bwezani!"
mpaka madzi anagona phee, osakondera kukamwa kapena kutsinde.
Pamenepo tinauza kabokosi kuti: wamva? Ndi apa.
Kagetsi kanasanduka kobiriwira.

Tinakaiyesa kuseri kwa dipi, pamene mawilo a ngolo anakumba mifuleni.
Miyendo inatsika umodziumodzi,
kufufuza nthaka ngati wakhungu pamakwerero,
wakutsogolo kutalika, wakumbuyo kudzichepetsa,
nyumba kubuula, kunjenjemera kamodzi,
zii.
A Chapepa anaika kapu ya tiyi patebulo.
Sinasunthe.
Anakhala pabedi nthawi yaitali osayankhula.

Anandilipira, n'kundisiyiranso njerwa zija:
"Zatha ntchito, tayani."

Sindinataye.
Loweruka ndinazimanga pakaliyala wa njinga
mpaka ku Bangula, kwa mayi anga,
kumene madzi a chaka chija analowa usiku
n'kusiya nyumba itapendekera kumtsinje
ngati ikumvetserabe ngati akubweranso.
Mayi amagona mutu kunsi chiyambire,
sanadandaulepo, amangoti dziko ndi limene linakhota.

Ndinakweza bedi ndi phewa,
Semu analowetsa njerwa, ziwiri kumutu, imodzi pakona,
chibanthu cha thabwa pamwamba pake.
Botolo tinaligoneka pamphasa.

Mayi anaima pakhomo, manja kumbuyo,
kuyang'ana madziwo akudzifunafuna m'botolo.
"Kumanzere pang'ono," anatero.